Mawu Amene Anti Sanatiphunzitse

Chizungu chimene ndinapita nacho ku dziko la Aarabu chinali chovomera chokhachokha. Anatiphunzitsa ndi mayi wina wa ku Limbe amene ankatolera akazi ofuna ntchito za m'nyumba kunjako. Dzina lake lenileni sitinalidziwe, tinkangoti Anti. Ankatikhazika pasimenti ngati ana a sukulu ya mkaka, iye ali pampando, zikhadabo zili psuu, n'kumatiyimbitsa: "Yes madam. Sorry madam. Thank you madam. No problem." Tikamaliza, tiyambirenso. Ine mayi wa ana atatu, amene pamsika wa Ngabu amuna ankandiopa pakamwa, ndinali kupepesa madamu amene ndinali ndisanamuone n'komwe.

Tsiku lina ndinakweza mkono. "Nanga Anti, munthu ukadwala umati chiyani?"

"Mukupita kukadwala kapena kukagwira ntchito?" anatero. "Kumeneko kulibe udzudzu, amayi. Zodandauladandaulazo muzisiye ku Nsanje konko."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo. Ndikanatani? Madzi anali atanditengera nyumba m'mbali mwa dambo, pamodzi ndi uvuni umene ndinkawambirapo milamba ndi mphende zogulitsa. Bambo a ana anga anali atawolokera ku Mozambiki kukafuna maganyu, ndipo mpaka lero akufunabe. Ana ankagonera nyika, timizu ta m'madzi tija timakumba tikulimbirana malo ndi ng'ona. Munthu wotere ukamuonetsa chithunzi cha khitchini yonyezimira pafoni, safunsa kawiri.

Kwathu mavuto ali ndi mayina ambiri, ndipo sitiwasokoneza. Njala ndi ina, usiwa ndi wina. Pali umphawi umene umabadwa nawo, pali tsoka limene limakugwera dzuwa likuswa mtengo, pali chipsinjo chimene amakusenzetsa mnzako dala. Asena anzathu akathedwa nzeru amangoti nyatwa, ndipo wakumva amaleka nthabwala pomwepo. Mayina onsewo ndinawasiya pabwalo la ndege, ndinakwera ndi "no problem" basi.

Pagulu lathu panali Alefa wa kwa Tengani, wamasiye wa ana awiri amene anawasiya ndi amayi ake. Munda wake wa mapira unali utakwiririka ndi mchenga. Anali wamng'ono kwa ine, choncho ankanditcha mana, monga Asena amaitanira mkulu wawo. Analeredwa bwino mpaka kunyanyira. Ankapinda maondo ngakhale popereka tikiti kwa kondakitala. Ndinkamunena kuti, "Iwe Alefa, ng'ona itakugwira mwendo ungayambe wayipatsa moni." Iye ankangobisa nkhope m'chitenje n'kumaseka chamumtima.

Ife a kuchigwa timadzitama ndi kutentha. Timati amene sanagone ku Nsanje mwezi wa Okutobala sadziwa dzuwa. Nditatsika ndege kuja ndinatseka pakamwa. Mphepo yake inali ngati watsegula uvuni n'kulowetsamo nkhope. Mapasipoti anatilanda pabwalo pomwepo, mafoni anatilanda ku ofesi ya ejenti, amene ankatigawira mabwana. Madamu ankabwera n'kumatiyang'ana manja ndi mano. Chifundo chimodzi chokha chimene Mulungu anatichitira n'chakuti ine ndi Alefa tinagwera nyumba zogundizana, za pachibale. Madenga a kumeneko ndi afulati, amayanikapo zovala, ndipo pakati pa denga lathu ndi lawo panali kakhoma kofika m'chifuwa.

Za ntchito ndingazinene mpaka mawa. Nyumba yosanja, masitepe osatha, ana osamva, mbale zosauma. Ukamaliza kukolopa pansi, fumbi layamba kale pamwamba. Ndinkadya zotsala nditaimirira. Mwendo wa khitchini sunkaloledwa kuponda kunja kwa geti. Ndalama mwezi wina zinkapita kumudzi, mwezi wina madamu ankati waiwala, ine n'kuti "No problem, madam," mano ali gwa. Kamodzikamodzi ankandibwereka foni yake, iye ataima pompo, ndipo mwana wanga wamkulu Chisomo ankandiuza kuti agula malata angapo. Ndinkamuuza kuti kuno kuli bwino. Akanathandiza chiyani nditamuuza zina?

Moyo wathu unali padenga paja. Poyanika zovala tinkanong'onezana pakakhoma, ine Chimang'anja, iye Chisena chake chosakaniza. Tinkatukwana madamu athu ndi mawu ofatsa, nkhope zili pa zovala. Alefa ankaimba nyimbo za kwaya motsitsa. Nthawi zina ndinkamubisira chidutswa cha nkhuku m'thumba la yunifomu, iye n'kupinda maondo kuseri kwa khoma kumene sindinkawaona n'komwe, n'kuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, mana."

Kenako anayamba kuchedwa kukwera. Akafika ankatsamira khoma, akupuma ngati wathamanga. Ndinamukoka chikope cham'munsi monga amachitira kusikelo, ndipo m'katimo munali mbee. Ndinamuumiriza mpaka anaulula. Anali atapita kumwezi, koma mwezi wake sunkatha. Magazi ankangotuluka, sabata ndi sabata, ndipo ankang'amba matawulo akale n'kumawachapa mobisa. Mapazi anali atatupa. Chonsecho ankanyamulabe makapeti kukwera nawo masitepe, ndipo madamu wake akamachoka ankamukhomera m'nyumba.

Tsiku lina anakomoka ali ndi thireyi ya tiyi m'manja, pamaso pa alendo. Chifukwa cha manyazi a alendowo, madamu wake anapita naye kuchipatala. Ine tsiku limenelo ndinakolopa ndikuimba. M'mawa mwake ndinamudikira pakakhoma.

"Wawauza chiyani adokotala?"

"Anandifunsa kuti 'How are you?' Ine ndinati 'Fine, doctor.'"

"Eya. Kenako?"

"Kenako ndinadikira, mana."

"Unadikira chiyani?"

"Kuti andifunsenso. Koma nkhabe, sanandifunsenso. Anatembenukira kwa madamu, anayankhula zawo, anaseka. Andipatsa panado."

Ndinamutukwana, sindibisa. Ndinamutcha chitsiru, ndinamutcha mbuzi ya kwa Tengani. Koma pansi pa mtima ndinkadziwa kuti sanalakwe kanthu, anachita zimene tonsefe tinaphunzira. Kwathu munthu sayamba ndi vuto. Ngakhale wabwera ndi uthenga wa maliro, amayamba wakhala pamphasa. Mumupatsa moni, iye ati tili bwino, kaya inu. Mumupatsa madzi. Akapuma ndiye mumafunsa malonje, kuti kwatsala bwanji kumene mwachokera, ndipo iye amayamba pang'onopang'ono, kuti kuli bwino ndithu, kungoti mwana uja sanagone. Wongofika n'kukhuthula mavuto ataimirira timati alibe mwambo. Ndiye nkhani ya magazi a chikazi, kuuza mwamuna wachilendo, bwana wako ali pambali? Alefa ankadikira mphasa, koma kumeneko amafunsa kamodzi, dzanja lili kale pachitseko. Ndipo akanati amufunsenso, akanayankha ndi chiyani? M'kamwa mwake munali mawu a Anti okha.

Kuseri kwa nyumba zathu kunkagwira ntchito mayi wa ku Uganda, dzina lake Nakato. Anali atakhalitsa kumeneko, dzino lakutsogolo linathyoka theka, ndipo Chizungu ankachiyankhula ngati akuthyola nkhuni. Tinkaonana padenga pomwepo. Ndinamulozera Alefa, ndinaloza pamimba, ndinatsitsa dzanja m'miyendo. Anamva msanga, poti mkazi ndi mkazi.

"Bleeding," anatero. Anandibwerezetsa mpaka lilime linagwira.

Kuyambira pamenepo denga linasanduka sukulu. Nakato ankachita sewero, ine n'kumatola mawu. Akadzigwetsa pakhoma ngati wopanda mafupa, "weak." Akapotoza dzanja ngati akukhoma loko, "locked." Akagwira pamimba n'kukwinya nkhope, "pain." Lovuta linali "emergency." Linkandikola pakhosi ngati munga wa mlamba, koma iye anandionetsa ndi manja kuti limeneli ndiye limathamangitsa anthu, ena onsewo amangogwedezera mutu. Ndinkawatchula potsuka chimbudzi, potsika masitepe, posenda anyezi. Ndinkadabwa kuti Azungu nawonso ali ndi mayina a mavuto ochuluka chonchi, chikhalirecho ife anatipatsa a chimwemwe okhaokha.

Amodzi okha ndinawakana. Nakato anatseka maso, napinda manja pachifuwa, nati, "She will die." Ndinalavula malovu pambali. Kwathu sutchulira imfa munthu akupuma, ndiko kulaula, umamuitanira. Nakato anakweza mapewa n'kunyamula beseni lake.

Alefa mwini wake sankafuna kuphunzira.

"Mana, kwa eni kulibe mkuwe," ankatero. "Akandibweza, ana ndikawauza kuti ndabwera ndi chiyani?"

"Ukabwera ndi mutu wako! Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iwe."

"Chitseko chake n'chokhoma, mana."

Ndinkamuona akutha ngati sopo, ndipo usiku tulo sindinkatiwona. Ndinkaopa kuti tsiku lina ndidzakwera padenga n'kupeza zovala za kwawo akuyanika munthu wina.

M'nyumba yathu munali gogo, mayi wa bwana, wodwala shuga. Mwezi uliwonse ankapita kuchipatala chachikulu, ndipo wokankha njinga yake ya odwala ndinali ine. Ndiwo ulendo wokha umene ndinkatuluka geti. Tsiku limenelo madamu anatsalira pakhonde akuyankhula pafoni, ine ndinalowa ndi gogo kwa namwino woyeza magazi. Namwinoyo anali mlendo ngati ife, wa dziko lina, wamfupi. Anandiyang'ana n'kuti, "How are you?"

Mukudziwa chimene chinatuluka? "Fine, madam." Chinatuluka chokha, ngati kutsokomola. Ine amene ndinatukwana mwana wa eni! Namwino anali atatembenuka kale, akumanga lamba pamkono wa gogo. Ndinamugwira malaya, chinthu chimene sindinachitepo kwa munthu wa yunifomu chibadwire.

"My sister," ndinatero. "Bleeding. Weak. Locked." Liwu lovuta lija linakana, ndinalikankha. "Emergency."

Anasiya lamba. Anayang'ana kuchitseko, anayang'ana gogo amene ankawodzera, n'kufunsa motsitsa, "Where?"

Apo ndinazindikira kuti malo amene ndinkakhala sindinkawadziwa dzina. Ndinayamba za kwathu, manja ali m'mwamba: geti lobiriwira, mtengo wa kanjedza, mzikiti cha kumanja. Mzinda wonsewo ndi mageti, akanjedza ndi mizikiti. Misozi inayamba kubwera. Ndiye ndinaloza gogo, ndinagundanitsa zala ziwiri, kusonyeza nyumba ndi nyumba. Namwino anayang'ana pakhadi la gogo, analemba padzanja lake, n'kuika chala pamlomo. Madamu analowa, ine ndinagwira njinga.

Masiku anapita osaoneka kanthu. Alefa analeka kukwera padenga. Ndinkaika khutu pakhoma la khitchini kuti ndimve ngati mbale zikulira kwawoko.

Apolisi anabwera masana ena, ine ndikuyanika mashiti. Galimoto ya apolisi ndi ambulansi zinaima pageti la kwa Alefa. Ndinagwada kuseri kwa kakhoma, maso okha ali pamwamba. Anatuluka bwana wake, akumwetulira, akugwirana nawo chanza. Anayankhulana nthawi yaitali. Kenako madamu anatuluka naye Alefa. Anali atamuveka yunifomu yatsopano ndi mpango woyera, dzanja la madamu lili paphewa pake ngati la mayi wachikondi. Dzanjalo ndi limene linkamuimika.

Wapolisi wamkulu anamuyang'ana. Mawu ake ndinawamva bwinobwino.

"Any problem?"

Ndinaluma chala. Nena, Alefa. Liwu limodzi lokha, ngakhale "pain." Anali pamsewu, ataimirira padzuwa, amuna achilendo kutsogolo, bwana uku, madamu uku. Ndinaona maondo ake akupinda pang'ono, mwaulemu, maso ali pansi.

"No problem, sir."

Wapolisi anagwedeza mutu, bwana anatambasula manja ngati akuti mwaona nokha. Wa ambulansi anatseka chitseko chakumbuyo. Ndinafuna kukuwa mawu anga aja, koma onse anathawa, m'mutu munangoti zii. Chizungu cha Anti, cha Nakato, chonse chinapita. Chinatsala ndi chimene ndinabadwa nacho.

Ndinaimirira, ndinavula mpango, ndinaika manja kumutu, ndipo ndinabuma maliro.

"Mayo ine! Alefa iwe! Mwana wa eni ine, mayo! Wasiya ana ndi yani iwe! Ndikanena chiyani kwa Tengani ine! Alefa wapita, mayo, wapita!"

Ndinalira monga timalirira mtembo ukamatuluka m'nyumba, kulira kochokera m'mimba kumene kumaimitsa makasu m'minda. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Ndinkalira munthu wamoyo, ataima pamaso panga, chinthu chimene mfiti yokha ingachite. Ndinkayenda uku ndi uku padenga, ndikudzimenya pachifuwa. Mawindo anatseguka mumsewu monse. Kuseri ndinamva Nakato akulandira, akulira m'chiyankhulo cha kwawo.

Alefa anatukula mutu. Anandiyang'ana, pakamwa pali yasa. Kenako anachotsa dzanja la madamu paphewa pake, iye mwini, ndipo popanda dzanjalo sakanatha kuima. Anakhala pansi pamsewu, nagona chammbali. Kumbuyo kwa yunifomu yatsopano ija kunali kofiira mpaka m'maondo. Wa ambulansi anatsegulanso chitseko akuthamanga.

Zotsatira zake sizinandidabwitse. Madamu wanga anandikoka tsitsi kutsika nane masitepe onse, ndipo dzuwa lisanalowe ndinali ku ofesi ya ejenti ndi kathumba kanga. Kumeneko ankatisunga m'chipinda chimodzi akazi obwezedwa, Aganda, Akenya, ena a ku Asia, tikugona pansi mothithikana, tikugawana buledi ndi mankhwala a mutu. Aliyense anali ndi chipsera chake. Ndinkafunsa aliyense wolowa ngati wamva za Mmalawi amene anatengedwa pa ambulansi.

Patapita masabata anamubweretsa Nakato, nayenso atamuthamangitsa. Ndinamuthamangira. Anandikhazika pansi, nandigwira manja onse awiri. Dalaivala wa kunyumba imene Nakato ankagwira ntchito ndiye anamuuza za Alefa. Alefa anakhala masiku angapo m'chipatala, anamuthira magazi, anatsegulako maso, koma thupi linali litatha kale.

"Dead," anatero Nakato.

Liwu limenelo sanandiphunzitsepo munthu, koma ndinalimva. Anamuika komweko, sindidziwa kuti pati, ndipo sindidziwa amene ananyamula. Chimene chinandikhala pamtima ngati mwala chinali funso limodzi: kodi ndinamupulumutsa mochedwa, kapena ndinamuitanira?

Ananditumiza ku nyumba ina kutali, kuchipululu, kumene kunali mbuzi zambiri kuposa anthu. Zaka za kumeneko sindizikumbukira bwino, zinali tsiku limodzi lalitali. Chizungu changa cha mavuto chinakula, ndinkatha kunena kuti ndatopa, sindingathe, ndikufuna kwathu. Ndinanena mpaka anatopa nane, anandikweza ndege.

Kumudzi ndinapeza nyumba ya malata mbali imodzi, mbali ina udzu. Chisomo anali ndi mwana kumsana, wa mwamuna amene sindinamuonepo. Mwana wanga wamng'ono, amene ndinamusiya akuyamwa chala, anabisala kumbuyo kwa mchemwali wanga amene anamulera, ndiye ankamutcha amayi. Anthu ankabwera kudzaona a ku Arabu, akununkhiza ngati ndabwera ndi mafuta onunkhira. Ena ankafuna nambala ya Anti kuti atumize ana awo. Amenewo ndinkawathamangitsa ndi mawu amene sindingalembe pano.

Kwa Tengani ndinazengereza kupita. Ndinkadwala mutu tsiku lililonse limene ndakonza ulendo. Koma uthenga wa maliro suwola, ndipo tsiku lina ndinakwera kabaza.

Amayi a Alefa ndinawapeza akupuntha mapira pabwalo, nkhalamba yowonda, adzukulu awiri aja akuingitsa nkhuku. Nditanena kuti ndine yani, anasiya ndodo. Tinakhala pansi pa mtengo. Anandiuza kuti Anti anaimba foni kamodzi, nati mwana wanu anadwala pang'ono mwadzidzidzi, ndipo foniyo sinapezekenso. Anakhala pasiwa popanda mtembo.

"Tinalira mphepo, mwananga," anatero. "Imfa sindikuikana, bambo ake anapita, mwamuna wake anapita. Chimene chimandidya ine n'chakuti mwana wanga anapita ngati mbuzi yofera kutchire. Kopanda ndi mmodzi yemwe womutchula dzina. Inu munali konko. Ndiuzeni zoona, analipo womulira?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa, n'kukwera kabaza wanga mwamtendere. Ndinayang'ana ana aja, wamkuluyo ali ndi chipumi cha amake.

"Ndinamulira ine, amayi."

"Pamanda?"

"Ayi. Pamsewu. Ndinali padenga, iye ali pansi. Ankafuna kumubwezera m'nyumba, ndipo ndinasowa mawu ena." Kenako ndinaulula. "Anali asanamwalire, amayi. Ndinamulira ali moyo."

Ndinaweramitsa mutu, ndikudikira kuti aitane anthu, anene kuti mfiti imene inalaula mwana wawo yadzibweretsa yokha. Ndinali wokonzeka kulandira chilichonse.

"Ali moyo," anabwereza. "Ndiye kuti anamva?"

"Anamva. Anatukula mutu, anandiyang'ana."

"Munamutchula dzina?"

"Ndinamutchula. Ndinatchula ana, ndinatchula kwa Tengani."

Anasendera pafupi, nandigwira bondo ndi dzanja lodzaza mungu wa mapira.

"Mulireninso momwe munalirira tsiku limenelo," anatero. "Ine kunalibe. Yambani inu, ndilandire."

Ndinavula mpango. Mawu oyamba anatuluka osasa, achiwiri anatuluka bwino. Pa achitatu amayi aja analandira, ndipo m'nyumba zoyandikana akazi anayamba kutuluka, akumanga zitenje m'chiuno, akubwera.